Mbale ya Chitseko Chofiira

3 Malichi

Amake Kamano,

Landirani moni wa kuno. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Kamano, ndi kuti amayi anu miyendo ija yawasiyako. Ine ndilipo, kupatula kachifuwa ka fumbi kosayenera kuonongera pepala.

Ndayamba makalata chifukwa foni ya kumeneko imakhala m'manja mwa amayi anu, ndipo kuno khoma la pakati pa chipinda changa ndi cha achimwene anu ndi kabolodi, ukatsokomola uku amayankha uko. Ndiye izi ziziyenda ndi adalaivala a basi, ndipo muziwerenga nokha.

Mwandifunsa kuti ntchito yanga yeniyeni n'chiyani, poti alamu atabwera kutchuthi anauza anthu kuti ine ndimapukuta mbale. Kupukuta mbale ine? Tamverani. Shopu yathu imapanga mbale zamatabwa, osati zosema pa chipika chimodzi ayi, koma zolumikiza. Pali mayi wina wosakonda zolankhula, timawatcha Mayi a Guluu. Iwo amadula tizidutswa ta matabwa amitundu yosiyana, n'kutimata kukhala mkombero, mikombero ija n'kuisanja wina pamwamba pa unzake. Achimwene anu, poti ndiwo kapitawo, amaika chimenecho pa makina ozungulira n'kuchisema mpaka chioneke mbale. Ikamachoka m'manja mwawo imakhala yokhakhala ngati lilime la ng'ombe. Pamenepo ndi pamene imabwera kwa ine.

Ndimayamba ndi sandipepa wokhakhala, kutsika pang'onopang'ono mpaka wosalala, mitundu isanu ndi umodzi, osadumpha. Ukadumpha umodzi, zikande zimabisala, n'kudzatulukira tsiku lopaka mafuta mwini mbale ali pakhomo. Chovuta china n'chakuti thabwa lofewa limagona pafupi ndi lolimba. Ukakanikiza dzanja, lofewa limadyeka, lolimba n'kutsala litatukuka. Ndikamaliza apo ndimanyowetsa pang'ono kuti ubweya wa thabwa udzuke, ndiumete, ndipake mafuta katatu, paliponse kudikira aume, n'kutsiriza ndi phula la njuchi. Mbale imodzi imandidyera masiku asanu ndi anayi.

Mwini shopu timawatcha a Magalasi, chifukwa tsiku lonse amafunafuna magalasi ali pachipumi pawo. Amenewa sakhulupirira maso. Amatenga thonje n'kuliyendetsa mkati ndi kunja kwa mbale, kaulusi kamodzi kakangokodwa, mbale imabwerera pa benchi pako. Chaka ndi miyezi iwiri ndili pano, thonje lawo silinakodwepo pa mbale yanga. Mukawauze amene akuti ndimapukuta mbalewo.

Tsopano pempho. Pansi pa bokosi la zida la malemu bambo anga pali kachitsulo kopyapyala, kopindika ngati nyemba, kamene anadula ku sowo yakale. N'kopalira thabwa. Mukakulunge mu nsalu, muwapatse adalaivala. Kuno zonse n'zamagetsi, palibe chondifikira bwino m'mimba mwa mbale.

Ndatumiza nsapato za Kamano. Zikakula muikemo mapepala kutsogolo, phazi lizipeza. Ndalama ya galasi la mawindo ili mu nsapato yakumanzere, musabwereketse munthu.

Ndine mwamuna wanu.

19 Malichi

Amake Kamano,

Kalata yanu yafika, ndakondwa kuti nonse muli bwino ndi kuti nsapato zakwana. Ine ndili bwino. Chifuwa chimangobwera m'mawa.

Koma nkhani ya kachitsulo yandinyansa. Mwati mwakhala mukupalira mapoto? Chitsulo chimene bambo anga anasalazira matebulo zaka makumi atatu, osalola ngakhale ine mwana wawo kuchigwira ndi manja onyowa, lero chikupala zopserera za m'poto. Ndiye mwawonjezera kuti mutumiza mukapeza china chopalira. Gwirani supuni, mayi. Katumizeni ulendo uno.

Kuno kwabwera ntchito yachilendo. Kunafika mayi wina wamasiye, wokalamba koma woongoka, nyumba yawo yagwetsedwa poti pakudutsa msewu. Anabwera ndi chitseko cha thabwa lofiira, tebulo loyera limene ankadyerapo ndi malemu amuna awo, ndi miyendo ya bedi yakuda bii. Pa 28 Epulo akusamukira kwa mwana wawo kutsidya kwa nyanja, ndipo chitseko sichikwera ndege. Anati, "Mundipangire mbale imodzi yoti ndiinyamule pamiyendo. Nyumba yanga yonse ikhale m'menemo." Asanatuluke anasisita chitsekocho ndi chikhatho, ine ndikuona.

Matabwa ambiri anali ofumbwa, ena odzaza misomali. Abwino angokwanira mbale imodzi, obwezera palibe. Mayi a Guluu adulamo tizidutswa 432, ndipo sabata ino sanayankhe moni wa munthu.

Thabwa lofiiralo n'lachipongwe. Fumbi lake likagwera pa loyera limalowa m'timabowo, ukadzapaka mafuta limasungunuka n'kusanduka utoto. Ndinawauza alamu kuti mbale iyi ikachoka posemedwa isaonenso makina ena, ndiyenda nayo ndi manja kachidutswa kamodzikamodzi. Anandiseka, poti masiku ano ali ndi chidole chatsopano. Anawanyengerera a Magalasi mpaka agula makina osalazira, ndipo amayenda nawo shopu yonse akulengeza kuti zimene ine ndimachita masiku asanu ndi anayi, iwo achita dzuwa lisanapendeke. Amanena ine ndili pomwepo, bwana ali pomwepo. Munthu wondibweretsa yekha kuno ameneyu.

Ndinangoti, "Alamu, kuthamanga si kufika."

Iwo akuti, "Miyambi sadya, alamu."

Zina ndisiye, ndi achimwene anu.

Galasi musakagule mongoyerekeza. Muyeze zenera lililonse ndi chingwe, poti amene anatimangira uja sanapange awiri ofanana.

Ndine mwamuna wanu.

4 Epulo

Amake Kamano,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine moyo ulipo, koma mtima suli m'malo.

Galasi lija musagule kaye.

Lachiwiri m'mawa chifuwa chinandikakamiza kupita kuchipatala. Ndinapita mobisa, poti pano wachifuwa sachedwa kuonetsedwa msewu, ndipo wodziwa anali alamu okha. Bwana anali atachoka. Mbale ya mayi wamasiye ndinaisiya pa shelefu nditaifunditsa nsalu, ndisanaiyambe n'komwe. Pobwera masana ndinaipeza pa benchi panga ikunyezimira mafuta. Zoyera zonse zinali zitafiirira, ngati malaya oyera ochapidwa limodzi ndi chitenje chosuluka. Zikande za makina zazungulira mbale yonse. Makinawo ali pa benchi panga, botolo langa la mafuta lili chitsegukire.

A Magalasi anali ataima pomwepo, magalasi ali pamphuno, chinthu chosachitika. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Wachita izi ndani?"

Achimwene anu, maso ali pansi, anati, "Bwana, mlamu wangayu ndamuuza kangapo kuti makinawa sanawaphunzire. Mumukhululukire, amafuna kukusangalatsani."

Amake Kamano, taganizani. Ndinene kuti ndinali kuchipatala, ndiye kuti ndadzichotsa ndekha. Ndinene kuti achita ndi iwo, ndiye kuti ndaponya mlongo wanu pamsewu. Ndinayang'ana kwa Mayi a Guluu, amene makinawo anawamva kulira ali m'chipinda chawo chakumbuyo, iwo n'kuyang'ana m'chitini cha guluu. Ndili mkati moganiza, nthawi yoyankha inadutsa.

Bwana anati, "Mwezi uno ukatha, upite. Kufikira tsikulo uzisesa. Mbale usakhudzenso."

Ndiye mwamuna wanu ndi wosesa. Masiku atatu tsopano ine ndi alamu sitinalankhulane, akafika kunyumba amangokweza wailesi. Ndakwiya, ndipo sindibisa. Ndikudikira bwana mtima utsike, Lolemba ndikawauze zonse. Ndayamba kuuza inu kuti musadzamvere kwa ena.

Ndine mwamuna wanu.

11 Epulo

Amake Kamano,

Moni kwa inu ndi kwa Kamano. Kaphukusi kafika. Kachitsulo kachita dzimbiri ndipo kakununkha anyezi, koma kafika, zikomo. Kalata yanu ndaiwerenga kanayi, kufunafuna pamene mwafunsa zimene anandiuza kuchipatala. Sindinapapeze.

Ndiye alamu anaimba foni kwa amayi anu akulira, ndipo amayi anu akukana chakudya. Mwati achimwene ali ndi ana asanu, ine mmodzi. Mwati ine ndili ndi luso ndipeza ina, iwo msinkhu wapita. Mwati chibale ndi fupa, sichiola. Nanga ine pabanja panupo ndine chiyani, mnofu? Ntchito yoyenda nayo pansi kufuna, mukuiyesa yotola ngati mango. Ndipo pamapeto mwati ndikulonjezeni kuti sinditsegula pakamwa.

Musade nkhawa, sindinanene. Lolemba ndinavala malaya oyera kukaonana ndi bwana, ndinapeza atanyamuka kukagula matabwa kutali, abwera pa 25. Anasiya mawu kwa kapitawo kuti ngati mbaleyo ingapulumuke, aipulumutse yekha.

Dzulo masana alamu anagogoda pachitseko changa atanyamula mbale m'bulangete.

"Alamu," akutero, "ine ndimangofuna bwana aone kuti makina sanagule pachabe."

"Ndiye aona," ndinatero.

"Ndayesa sandipepa, zikungoipiraipira. Khoma lake ndi lopyapyala kale, ndikaibwezera posema ibooka."

"Nanga kwa ine mwadzatani? Ine ndine wosesa."

"Ikonzeni. Bwana akabwera ndidzanena kuti mwakonza ndinu, akubwezereni pa benchi. Zinazo tizikwirire."

Ndinafuna kuwatsekera chitseko pamphuno, koma manja anali atalandira kale mbale. Ndinaiyang'ana padzuwa. Utoto sunalowe kwambiri, kuzama kwake n'ngati pepala ndikulembapoli. Sandipepa sangathandize, amangodzutsa fumbi lina lofiira n'kulikwirira m'malo omwewo. Chofunika n'chometa thabwa osatulutsa fumbi, ndipo chinthu chotero m'tauni yonse ino chinali pa tebulo panga chikununkha anyezi.

Ndavomera. Si chifukwa cha misozi ya achimwene anu ayi, koma mayi uja anasisita chitseko chake ine ndikuona, ndipo sindingalole akwere ndege ndi chinthu chonga ichi pamiyendo. Lonjezo mukulifunalo nali: dzina la mlongo wanu silidzatuluka pakamwa panga. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Muwauze amayi adye.

Ndine mwamuna wanu.

20 Epulo

Amake Kamano,

Moni. Mukaona zilembo zapendama musadabwe, cholembera ndachipana ndi zala zapakati. Ndili bwino.

Mbale ija yakhala m'chipinda mwanga muno, pazenera pofika dzuwa. Kushopu alamu akunena kuti amaikonza iwo akaweruka, ndi kuti ine andipatsa masiku ofunira ntchito ina.

Tsiku loyamba linathera pa kachitsulo. Munakabunthitsa zedi ndi mapoto anu. Ndinachotsa dzimbiri, ndinawongola m'mphepete ndi tupa, ndinanola pamwala, kenako ndinatenga msomali wolimba wa pakhoma la simenti n'kuukwekwesa m'mphepetemo mpaka patatuluka kamlomo. Kamlomoko sikaoneka ndi maso, umangokamva ndi chala, koma ndiko kamadula. Popanda iko, kachitsuloko n'kopalira mapoto basi. Ndipo sikakhalitsa, ukapala tizidutswa khumi uyenera kukadzutsanso ndi msomali.

Pogwira, umakapinda pang'ono ndi zala zazikulu ziwiri pakati, n'kumakankha motsata njira ya thabwa. Chimene chimatuluka si fumbi, ndi timatabwa topiringizika topyapyala kuposa tsitsi la Kamano. Kachidutswa kalikonse kali ndi njira yakeyake, ndiye upala aka, utembenuza dzanja, upala ako, osadutsa malire a guluu. Ndinayamba ndi toyera, kunja ndi mkati, n'kubwereranso pa tofiira ndi takuda kuchotsa zikande za chidole cha achimwene anu. Masiku asanu ndili pamenepo.

Chimene ndinaiwala n'chakuti kachitsuloko kamatentha. Bambo zala zawo zinali zitauma ngati chikopa, zanga zinafewa ndi sandipepa. Tsiku lachiwiri matuza, lachitatu anaphulika, lachinayi ndinamanga nsanza n'kupitiriza, nsanza n'kumanditsekereza kumva thabwa, ndinazimasula. Panopa chala chachikulu chilichonse chili ndi bala lowongoka lodutsa pakati. Batani la malaya likundikanika.

Koma tebulo la mayi uja layeranso mbee. Ndinagula kaburashi ka ana asukulu, ndinayamba kutseka tofiira tokha ndi vanishi wosungunula kwambiri kuti tisathenso kutaya mtundu, titauma ndinatseka toyera ndi takuda. Mafuta oyamba ndapaka dzana ndi kansalu, pang'ono pokha, otsala n'kupukuta. Achiwiri mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Alamu masiku ano amandibweretsera tiyi, amanditcha katswiri. Dzulo akuti, "Sitingangopaka onse atatu lero, tithane nazo?" Ndinawauza kuti akangokhudza botololo, ana awo asanu aja adzawadyetsa ndi dzanja limodzi. Anaseka, ine sindinaseke.

Lachitatu ndinakumana ndi Mayi a Guluu pagolosale. Anayang'ana zala zanga nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Matsache a masiku ano akuotcha, eti?" Anangopitirira osadikira yankho.

Chithunzi chimene Kamano wajambula ndachipachika pamwamba pa bedi. Mumuuze kuti bambo ake alibe mutu waukulu choncho.

Ndine mwamuna wanu.

27 Epulo

Amake Kamano,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa. Za umoyo tisiye.

Mbale inatha Lachinayi. Ndinaipaka phula, ndinaipukuta mpaka nkhope yanga ikuoneka pa miyendo ya bedi ija. Ngakhale kunsi kwake, kumene munthu sayang'ana, ndinakusalaza. Alamu anainyamula m'bulangete lomwe lija, ine ndinatsatira m'mbuyo kukatenga tsache langa.

Bwana atafika anaitembenuza katatu. Anatulutsa thonje, kuliyendetsa mkati, kunja, pamlomo, kunsi. Linatuluka lathunthu. Anafunsa kuti, "Utoto unauchotsa bwanji?"

Apa ndinasiya kusesa, poti nthawi ya lonjezo la achimwene anu inali itakwana. Iwo anapisa m'thumba n'kutulutsa kachitsulo kanga. Anakatenga pazenera ine osaona. Anati, "Ndi aka, bwana. N'ka malemu bambo anga, anandiphunzitsa ndili mwana."

Bambo anu, amake Kamano. Bambo anu atelala aja, amene chitseko chikavuta ankaitana bambo anga. Lero asanduka amisiri a matabwa ali m'manda.

Ndinayembekeza kuti mwina awonjezera, mwina anena kuti mlamu wanga anandithandizako. Anangoyang'ana kudenga. A Magalasi anawagwira paphewa n'kunena kuti, "Sindimadziwa kuti kumaliza umakutha. Ndiye wosalaza wina sindimufunanso." Mwamva? Ndakonza mbale ndi zala zanga kuti nditsimikizire bwana kuti ine ndilibe ntchito.

Dzulo mayi wamasiye anabwera. Anakhala pampando, anaiika pamiyendo, n'kumayendetsa chikhatho pang'onopang'ono. Pofika pa kachidutswa kena kofiira kokhala ndi kadontho kakuda anaima. Anati, "Apa panali msomali wopachikapo chipewa chawo." Kadontho kameneko ndinakaona, ndipo ndinakazungulira dala osakapala. Analira pang'ono, kenako anafunsa amene anasalaza. Achimwene anu anapita patsogolo. Mayiyo anawagwira manja onse awiri n'kuwadalitsa, iwo n'kumagwedeza mutu modzichepetsa. Ine ndinali kuseri kwa makina, ndikuwola utuchi.

Kunyumba ndinawafunsa. Akuti, "Alamu, ndikananena kuti ndinu, bwana akanayamba mafunso. Munthu woononga mbale ndi makina angaikonze bwanji ndi manja? Zikanatigwera tonse. Musadandaule, ndikufunirani malo ena, ndili ndi anzanga." Kachitsulo akuti andibwezera bwana akaiwalako.

Sindinawamenye. Mulembe penapake kuti sindinawamenye. Lonjezo lanu lili chikhalire, likundiotcha kuposa chitsulo. Latsala Lachitatu kuti ndikalandire envelopu yanga yomaliza. Kamano musamuuze kanthu.

Ndine mwamuna wanu.

1 Meyi

Amake Kamano,

Moni kwa inu ndi mwana. Kalata iyi muiwerenge musanamve za wina aliyense, chifukwa yakwera basi imodzi ndi achimwene anu. Iwo ali pampando, iyo ili m'thumba mwa adalaivala.

Dzulo ndinasesa shopu yonse komaliza, ndinapachika tsache, n'kupita pa tebulo la bwana. Anatulutsa envelopu, ndinatambasula manja awiri kuti ndilandire mwaulemu. Envelopu sanaisiye. Anatsitsa magalasi pachipumi n'kundigwira pamkono.

"Zala izi wapsa ndi chiyani?"

"Poto, bwana."

Mwamva, amake Kamano? Ndinanama. Chifukwa cha inu ndinanamiza munthu wamkulu maso ali gwa.

Anati, "Poto wake ndi wotani wootcha mzere umodzi pa zala ziwiri?" Kenako anatembenuza manja awo n'kundionetsa. Pa zala zawo zazikulu pali zipsera zomwezo, zakalekale, zoyera. Kani nawonso anayambira pa kachitsulo.

Anaitana kapitawo. "Tandionetsa manja." Achimwene anu anatambasula, zala zili see ngati za mlembi wa mu ofesi. Anayamba kufotokoza kuti iwo amavala magolovesi. Bwana sanatsutse. Anatola kathabwa pansi n'kunena kuti, "Tulutsa chitsulo cha bambo ako chija, undimetere apa."

Anakagwira ngati mpeni wosendera mbatata. Anakwekwesa, anakwekwesa, thukuta kamukamu, chotuluka fumbi lokha. Kamlomo kanali katatha kalekale, ndipo iwo sadziwa n'komwe kuti kamakhalapo. Mayi a Guluu anali atatuluka m'chipinda chawo, ataima pakhomo ndi chitini m'manja.

Bwana anakalanda n'kundipatsa ine.

Apa ndiye mundiweruze ngati mukufuna. Ndikanatha kukagwira mopotoka, ndikanatha kutulutsa fumbi ngati iwo, n'kutenga envelopu yanga n'kumapita. Ndinaganizadi zimenezo. Koma ndisanamalize kuganiza, dzanja linali litapisa kale m'thumba n'kutulutsa msomali. Kawiri uku, kawiri uku, ndinakapinda, ndinakankha kamodzi. Kathabwa kopiringizika kanagwera pa nsapato ya bwana. Pakamwa ndinatseka monga munandipempha, koma kugwira chitsulo cha bambo anga molakwika dala, pamaso pa munthu amene anachitcha cha bambo ake, zimenezo simunandipemphe, ndipo mukanandipempha ndikanakana.

A Magalasi anati kwa alamu, "Kuononga mbale ndikanakukhululukira, ine ndaononga zambiri. Koma kapitawo wonamizira munthu wake sindimusunga." Envelopu yanga ija anaibweza m'kabati n'kutulutsa ina, ya achimwene anu.

Ndinawapepesera, ngakhale simukhulupirira. Ndinati, "Bwana, ali ndi ana asanu." Anandifunsa kuti, "Iwe uli nawo angati?" Ndinati mmodzi. Anati, "Iyeyu anamuwerenga?"

Mawa ndibwerera pa benchi panga. Makina aja awatsekera m'bokosi. Chisangalalo ndilibe, musaganize kuti ndikuvina kuno. Usiku wathawu kuseri kwa kabolodi kunali zii, m'mawa ndinawanyamulira chikwama mpaka pa basi, iwo osandiyang'ana. Ndikudziwa zimene akanene akafika: kuti mlamu wawo anawapereka, kuti anamubweretsa ndi iwo n'kuwalanda malo. Amayi anu akasiyanso kudya, ndipo nyumba yonse ikayang'ana inu.

Galasi la mawindo gulani tsopano. Pa zimene ndatumizazi mupatuleko za ana a alamu, iwo sanalakwe kanthu.

M'munsimu muona madontho awiri a mafuta. Si uve ayi. Ndaviika zala zanga zazikulu m'mafuta omwe ndinapaka mbale ija n'kuzidinda papepala. Mzere wodutsa pakati pa dontho lililonse, pamene mafuta sanagwire, ndilo bala. Amayi anu akafunsa amene anaulula mwana wawo, muwaonetse pamenepo, poti pakamwa panga sipanatuluke kanthu koma poto.

Ndipo mukamayankha, muyankhe inuyo, osati nyumba yonse. Mufunseko zimene anandiuza kuchipatala.

Ndine, mpaka pano, mwamuna wanu.